Chitini Chomwe Ndinabisa Pansi pa Malata

Ndivomere lero: nyemba za mkazi wanga zinalibe mlandu.

Achimwene atandibweretsera chitini cha nsomba kuchokera ku Joni, ndinavina ngati ndawina njinga. Ndinachitsegula ndi mpeni kuseri kwa nyumba, ndekhandekha, n'kudya theka. Aa, kukoma kwake! Zotsala ndinazisiya m'chitini momwemo n'kubisa pamwamba pa khoma, pansi pa malata. Ndinkati kuzizira kwa kuno ku Dedza mu Juni kumaposa filiji. Zoti masana malata amatentha ndinaiwala.

Patapita masiku atatu ndinamaliza nsombazo ndi kachewere wowiritsa. Zinkanunkha pang'ono, koma ndinati ndi mmene zakunja zimakhalira.

Lamulungu kutchalitchi ku Kasina, ndili kutsogolo kuwerenga mawu, m'mimba munayamba kubangula. Ndinasiya ndime pakati, liwiro la kuchimbudzi, kwaya yonse ikundiperekeza ndi maso.

Kunyumba ndinanamizira nyemba zadzulo.

"Nyemba zanga?" mkazi wanga anaseka. "Chitini chanu ndinachiona pochotsa akangaude. Zotsala amakhuthulira m'mbale yovundikira n'kudya tsiku lomwelo, bambo."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Nanga inu munandiuza?"