Pini ya Tadala pa jekete la bambo ake

Moni nonse.

Kuno ku Brampton kwacha ndi nkhani. Bambo a Tadala akukonzeka kupita kuntchito, zipi ya jekete lawo yaduka, kunja kukuzizira koopsa. Tadala wathamangira kuchipinda, wabwera ndi kapini kamkuwa n'kuwamanga nako pachifuwa. Jekete lagwira bwinobwino.

Ndamufunsa komwe wagula, akuti wapanga yekha. Akuti Aroma akale zovala ankamanga ndi mapini otere, amuna ndi akazi omwe, ndipo ankatchena nawo. Umatenga waya mmodzi, kumuwotcha, kumusula ndi hamala, kumupota pakati kuti azifwamphuka, kenako kunola nsonga. Palibe polumikiza.

Iye akufotokoza, ine maso ali pa zala zake. Zipsera zokhazokha, zikhadabo bii. Masiku onsewa ndimayesa ndi mankhwala a kuchipatala komwe akuphunzira unamwino. Kani mwanayu Loweruka lililonse amapita ku Markham kukaphunzira kusula zokongoletsera. Ndiye pomwepo waulula kuti unamwino akufuna kusiya.

Bambo ake akalipa. "Tinachoka ku Malawi kuti iwe uzidzapinda mawaya?" Atuluka n'kumenyetsa chitseko. Koma pini sanaichotse, apita nayo kuntchito ili pachifuwa.

Tadala wadzitsekera kuchipinda, sanadye kanthu.

Amalume, azakhali, ndithandizeni nzeru bambowa asanaweruke. Ndiime mbali iti? Sukulu yatsala pang'ono kutha, ndipo sindikufuna aitaye. Koma ndisanamepo, kapini kaja ndakaona bwino, ndipo ndikufuna andipangire kanga.