Foni Yomwe Sindinaimbe

Ntchito yosamalira okalamba ndinaiyambira kunyumba ya masisitere, kudera lakale la mzinda wa Perth, kumene misewu ndi yopapatiza ndipo tinyumba tamalata tinachita kuthithikana. Nyumbayo ndi yamiyala, ya makonde ataliatali. Kale munali sukulu ya atsikana, koma nthawi yanga munatsala masisitere okalamba okhaokha ndi ife owasambitsa. Ndinkanyamuka m'mamawa ku Balga komwe ndinkakhala, mabasi awiri, n'kutsikira pa golosale ya nkhalamba ina ya ku Italy yomwe inkatininkha mandimu aulere.

Mwa masisiterewo munali awiri osasiyana, omwe analowa usisitere tsiku limodzi ali atsikana. Ena anali aatali, olongolola, ena aafupi, ofatsa, oyenda pa chikuku. Kukangana kwake tsiku ndi tsiku, nkhani yake zenera, awa atsegule awa atseke. Koma ena akachedwa kuchakudya, anzawowo supuni sankaigwira.

Malire a chigawo chathu, omwe anatsekedwa poopa mliri, atatsegulidwa, Kovidi inalowa mumzinda ndipo chipata chathu chinatsekedwa. Aatali aja anadwala, ambulansi n'kuwatenga. Kuchipatala kunalibe zokazonda odwala.

Lachitatu masana nesi wamkulu anandiitana. "Achipatala aimba, akuti zinthu zavuta, sachedwa kutisiya. Tenga foni iyi. Ukawauze anzawo zoona zake, uwaimbire aonane nkhope, atsanzikane. Iwe amakukonda."

Kutsanzikana! Ndi munthu wamoyo? Kwathu zimenezo kulibe. Munthu akadapuma sutsanzikana naye, kumeneko n'kumuitanira imfa. Ndipo nkhalamba ya mtima wofooka suiuza zoopsa mwachindunji. Umati akupezako bwino, umati tiyeni tizipemphera. Bambo anga atamwalira, agogo tinayamba tawadyetsa, tawakhazika pamphasa pakati pa amayi anzawo, kenaka n'kuwauza pang'onopang'ono. Ndiye mumtima ndinati, anthu a kuno alibe chisoni, amangolasa mawu ngati mkondo. Ndinadziona wanzeru, ine mwana woleredwa bwino.

Ndinalowa m'chipinda foni ili m'thumba la yunifomu. Aafupi aja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kolona ili m'manja.

"Mwana wanga, wamvako chilichonse?"

"Akulimba, Sisitere. Tiwaimbira mawa akapumulako."

Nkhope yawo inachita kuwala. "Ndiye ukamuyalire bedi. Ameneyo akapeza zinthu zili mbwee, tonse sitipuma."

Ndinakayala ndithu, mpaka kusintha pilo. Kwa nesi wamkulu ndinati ndawapeza atatopa, tiyesa mawa. Bodza lachiwiri linatuluka mosavuta kuposa loyamba, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Aatali aja anamwalira Lachinayi m'mawa, ine ndili ku Morley kudikira basi yachiwiri. Pomwe ndimafika n'kuti nesi wamkulu atawauza kale anzawo, mosapita m'mbali, monga amachitira kuno. Mtima wofooka uja sunaime ayi. Anangopempha kuti awakankhire kutchalitchi cha m'nyumbamo, nakhala kumeneko mpaka masana.

Tsiku lotsatira inali nthawi yanga yowasambitsa. Ndinathira madzi m'beseni, masiki atanyowa ndi thukuta.

"Unkadziwa Lachitatu lija?" anandifunsa.

"Eya, Sisitere."

Ndinayamba kufotokoza za kwathu, za agogo, za ulemu wathu pa imfa, kuti ndinkawateteza. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Ndikanakonda akanandikalipira.

"Mwambo wanu ndi wachifundo," anatero. "Koma ife m'nyumba muno munthu sapita yekha. Timamuzungulira, timamutchula dzina, timamuperekeza ndi pemphero mpaka atatsirizika. Ndaperekeza ambiri ine, sindinagwepo. Ameneyu tinapangana kalekale kuti wotsala adzaperekeza mnzake."

Ndinagwada pansi pomwepo, pa matailosi onyowa. Ndinati pepani, pepani.

"Dzuka, unyowetsa yunifomu." Ndinadzuka, iwo n'kupitiriza. "Panalinso kanthu kena komwe ndinamulakwira tili atsikana. Ndinkati ndidzamupepesa tsiku lomaliza, poti iyeyo akanandiseka ndikananena msanga."

Sanandineneze kwa nesi wamkulu, ndipo ine, wamantha ine, sindinakadziulule. Kanthu kajako sindinawafunse, panalibenso woti akamve. Anangokweza mkono kuti ndiwasambitse m'khwapa, ndipo ndinawasambitsa.