Kachitsulo m'Dzanja la Bambo Kampasi

Bambo amene anzawo amawatchula kuti Kampasi agwira ntchito kwa zaka zambiri pamalo oyezera mphamvu ya maginito ya dziko, kunja kwa tauni. Ndi munthu wamtali, wosalankhulalankhula. Dzinali anawapatsa chifukwa akafunsidwa njira sanena kuti kumanja kapena kumanzere, koma kumpoto ndi kummwera.

Ndi bwino kufotokoza kaye ntchito yawo. Kumwamba kuli masetilaiti oyeza mphamvu imene imatembenuza singano ya kampasi, ndiponso mpweya wa kutali kwambiri wokhala ndi magetsi, umene umakhotetsa mafunde a wailesi. Koma makina a kumwambawo akayamba kunama, palibe amene angakwere kukawaona. Motero pamafunika anthu pansi pano oyeza mphamvu yomweyo ndi manja, kuti manambala awo ayerekezedwe ndi a setilaiti. Woyeza wa pansi akalakwitsa, setilaiti yosalakwa imaoneka yabodza.

Kuyezaku kumachitikira m'kanyumba kamatabwa kokhomedwa ndi misomali yamkuwa, pakuti chitsulo chokokedwa ndi maginito chimasokoneza muyeso. Pakati pake pali chipilala, ndipo pachipilalapo pali chipangizo chokhala ndi galasi loyang'aniramo ndi kachubu komva maginito. Woyeza amapotokola kagudumu ka chipangizocho pang'onopang'ono mpaka kabokosi ka manambala kasonyeze ziro, kenaka amawerenga kumene chaloza. Asanalowe, amasiya makiyi, lamba, wotchi ndi foni m'dengu la pakhomo.

Tsiku lina Bambo Kampasi anagwa pamakwerero akukonza denga kunyumba kwawo, nathyoka dzanja lamanja pamfundo. Kuchipatala anawaika kachitsulo kogwira fupa. Atatsitsimuka, funso lawo loyamba silinali la ululu ayi. Anafunsa ngati kachitsuloko kamakokedwa ndi maginito. Dokotala anayankha kuti sikachita dzimbiri, koma za maginitozo sakanatha kutsimikiza.

Atachira, Bambo Kampasi anabwerera kuntchito m'mawa wina, ndipo pakhomo la kanyumba anapeza anthu awiri akuwadikira: mayi woyang'anira malowo, ndi mlamu wa Bambo Kampasi, mwamuna wa mlongo wawo, amene amakonza magetsi pamalo pomwepo.

"Takulandirani, bambo," anatero mayiwo. "Koma lamulo mukulidziwa bwino kuposa ine. Tiyese dzanjalo. Nambala ikasuntha, muno simudzalowanso. Mudzakhala ku ofesi, pakompyuta."

"Ndamva, mayi," anayankha Bambo Kampasi, akumasula lamba. Anaika lambayo ndi makiyi m'dengu.

"Alamu, ikani dzanjalo m'dengumo, mulitenga potuluka," anatero wamagetsi uja. Palibe amene anaseka.

Mayiwo anakonza chipangizo mpaka kabokosi kanasonyeza ziro, nabwerera kukhoma. Anauza Bambo Kampasi kuti ayandikire pang'onopang'ono. Bambowo anaponda kamodzi, ziro sanasunthe. Anapondanso mpaka anafika pachipilala, manja ali m'mbali, ndipo ziro anali pomwepo. M'kanyumbamo munangomveka matabwa akulira ndi kutentha kwa dzuwa.

"Tsopano gwirani kagudumu monga mwa nthawi zonse," anatero mayiwo.

Bambo Kampasi anakweza dzanja lamanja. Lisanakhudze n'komwe kagudumu, nambala inachoka pa ziro. Analibweza, ndipo nambala inabwerera. Analikwezanso, nambala inachokanso. Bambo Kampasi analiyang'ana dzanja lawolo ngati la munthu wina.

"Mwina ndi zipi ya buluku," anatero mlamu wawo, mawu atatsika. "Kapena tizitsulo ta m'nsapato. Alamu, tavulani nsapatozo."

"Usadzivute, mlamu. Bulukuli ndi lakale lomwe lija, ndipo nsapatozi zalowa muno zaka zonsezi. Ndi dzanjali."

Mayiwo sanali munthu wankhanza, koma ankadziwa kuti manambala a m'kanyumbamo amapita kutali, kwa anthu amene sadzaona nkhope ya woyeza. "Pepani kwambiri, bambo," anatero. "Sindingatumize muyeso umene ndikudziwa kuti ndi wokhota."

Bambo Kampasi sanachoke pachipilala. "Mayi, ndikupempha chinthu chimodzi. Pamene ndinaima pano manja ali m'mbali, nambala sinasunthe. Ndiloleni ndiyese ndi lamanzere."

"Lamanzere lanulo silitha ngakhale kumanga batani," anatero mlamu wawo. "Ndipo lamanja lidzangothamangira pakagudumu lokha inu musanaganize. Lazolowera."

"Ndiye ulimange kumbuyo."

Mayiwo anaganiza, kenaka anavomera, koma anaika malire. Iwo adzayeza choyamba osaulula chimene apeza, kenaka Bambo Kampasi adzayeza ndi dzanja limodzi. Miyeso iwiriyo ikasiyana kupyola mmene lamulo limalolera, nkhani idzathera pomwepo.

Mlamu uja anatenga nsalu yopukutira fumbi, namanga dzanja lamanja la Bambo Kampasi kumsana, naikulunga m'chiuno. "Mlongo wanu akandiona ndikukumangani chonchi, lero ndigona ndi njala," anatero, koma mfundo anaimanga zolimba.

Mayiwo atamaliza kuyeza kwawo anatuluka, ndipo Bambo Kampasi anawerama pagalasi. Kuyeza kumodzi kumafuna kutembenuza chipangizo mbali zingapo, ndipo mbali iliyonse ziro apezeke mwatsopano. Pambali yoyamba dzanja lamanzere linapotokola mopitirira, nambala inalumphira tsidya lina. Anabweza, inalumphanso. Thukuta linatsikira m'diso ndipo analibe dzanja lopukutira. Phewa lamanja linkagwedezeka, likufuna kuthandiza.

"Pumani kaye, alamu," ananong'oneza wamagetsi ali pakhomo.

"Khala chete, ukundisokoneza."

Anatsamiritsa chala chaching'ono pachipilala kuti dzanja lisagwedezeke, napotokola ndi zala ziwiri zokha. Nambala inatsika, inatsikanso, n'kuima pa ziro. Anawerenga mokweza, mlamu wawo akulemba. Mbali zotsalazo zinatenga nthawi yaitali kuposa mmene anachitirapo chiyambire ntchitoyi, ndipo pomaliza malaya awo anali atanyowa kumsana konse.

Mayiwo analowa, naika miyeso iwiriyo pamodzi pawindo. Anawerengera, kenaka anabwerezanso kuwerengera kuyambira pachiyambi. Bambo Kampasi anaima chilili, dzanja likadali lomangidwa, osayang'ana munthu aliyense.

"Yasiyana pang'ono," anatero mayiwo, "koma ili mkati mwa malire. Muziyeza, bambo. Koma kwa miyezi ikubwerayi ndiziyeza nanu limodzi, ndipo dzanjalo lizimangidwa nthawi zonse. Tsiku limene miyeso yathu idzatalikirane, mudzapita ku ofesi popanda kukambirana."

"Zikomo kwambiri, mayi. Ndavomera."

Bambo Kampasi anakhala pansi pakhomo la kanyumbako. Mlamu wawo anagwada kumbuyo kwawo, nalimbana ndi mfundo ija kwa nthawi ndithu, mpaka anachita kuimasula ndi mano.