Zivindikiro za Che Sumaila

Che Sumaila anali mmisiri wokhoma zidebe ndi nyale za koloboyi kuseri kwa msika wa Lilongwe. Ine ndinkasoka zovala pakhonde loyandikana ndi lawo, ndipo hamala yawo inandisokosa zaka khumi ndi ziwiri. Munthuyo anali wouma mutu. Ukawauza kuti kunja kukugwa mvula, ankayamba atulutsa dzanja.

Anali ndi telesikopu yopanga okha, paipi ya malata ndi magalasi amene anawasiyira mzungu wina woyeza malo. Ife tinkawaseka kuti akufunafuna zidebe zothonya kumwamba.

Mu Malichi 1959 asilikali anatenga mwana wawo Daudi pamodzi ndi ena a chipani cha Kongiresi. Kumene anapita naye palibe anatiuza. Chikondwerero cha Idi chitangopita, mayi ake, a Zubeida, amene paipiyo sankaikhudza n'komwe, anasuzumiramo usiku wina. Chakumwera anaona kanthu kotuwa ngati thonje, kosathwanima ngati zinzake.

"Iyi ndi nyenyezi ya mchira," anatero. "Malodza awa. Mwana wanga wafa."

Kuyambira tsikulo anakana chakudya.

"Mayi a Daudi, ndipatseni masiku anayi," anatero Che Sumaila. "Ya mchira imayenda pakati pa zinzake. Kameneka kakakhala malo amodzi, si iyo ayi."

Pensulo sankaikhulupirira. Usiku uliwonse ankatenga chivindikiro cha chitini n'kuboola ndi msomali mabowo osonyeza pamene pali nyenyezi zisanu zozungulira kanthuko, kenako bowo lalikulu la kanthu komweko. Usiku wachitatu kunachita mitambo, wachinayi chimodzimodzi. Masiku anayi aja anasanduka asanu ndi limodzi, ndipo a Zubeida anayamba kuyenda chogwira khoma.

Ndinawanong'oneza Che Sumaila kuti, "Achimwene, ingowauzani kuti mwaona kale. Bola adye."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ndikanama lero, tsiku lodzawauza zoona adzandikhulupirira bwanji?"

Ndinapsa mtima, sindibisa. Tsiku limenelo sindinawapatse moni wamadzulo.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri anasanjikiza zivindikiro zinayi pamodzi n'kuzikweza kudzuwa pamaso pa akazi awo. Kuwala kunadutsa m'mabowo onse, ngakhale lalikulu lija.

"Mwaona? Sikanasunthe. Ndi nyenyezi zambirimbiri zounjikana kutali, n'chifukwa chake zikuoneka ngati kamtambo. Makolo athu anazipeza pomwepo. Za Daudi sizikunena kanthu."

A Zubeida anatenga zivindikirozo n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayembekeza kuti amwetulira, koma ayi.

"Ndiye kuti ngakhale nyenyezi sizikudziwa kumene ali?"

Che Sumaila anangoweramitsa mutu. Ndinawamvera chisoni onse awiri, ndipo sindikudziwa amene ndinamumvera kwambiri.

Mayiwo anakhala pansi pakhomo n'kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiphikireni phala," anatero. "Mwana angabwere n'kupeza mayi ake kulibe."