Ife ku Joni m'chisanu, majekete athu ku Balaka

Loweruka lomaliza la Julaye, 6 koloko m'mawa, pa depoti ya Balaka. Apa m'pamene kampani ina ya mabasi a ku Joni inayambira kuzunza banja langa. Dzina sinditchula. Eni ake akudzidziwa.

Ine si munthu wolongolola. Ndimalima thonje ku Nkaya, za anthu sindilowerera. Koma izi zandikanika kumeza.

Alamu anga a Benadi, achimwene awo a mayi a kunyumba, amagwira ntchito ku Joni. Anatiitana kuti sukulu ikatsekera tipite tonse atatu: ine, mayiwo, ndi mwana wathu Tadala wa sitandade 5. Anapempha tchuthi kuntchito kuti atiyendetse pa galimoto yawo, tikaone mzinda, kenako mapiri a kumalire a Lesotho kumene kumagwa chipale chofewa, choyera mbee ngati ufa. Tadala chaka chonse nkhani yake inali yomweyo.

Alamuwo anachenjeza pa foni: "Alamu, kuzizira kwa kuno si kwa Balaka iyayi. Kumaluma. Mwanayo mumuveke."

Tadala ali ndi mphumu. Mphepo ikamulowa, chifuwa chimatseka. Ndiye tinapita pa kaunjika kukasankha majekete okhuthala, majuzi, zipewa ndi masokosi. Tinagulanso mankhwala ake atsopano opopera m'kamwa, poti akale anali pafupi kutha. Zonse tinalonga m'chikwama chimodzi chachikulu, chamizeremizere chija aliyense wopita ku Joni amanyamula. Ndinalemba dzina langa mbali zonse.

Ku ofesi anati katundu azifika dzulo lake kuti amuyeze. Ndinapereka Lachisanu, ndinalipira, iwo anachikulunga tepi.

M'mawa wa ulendo ndinapempha kuti nditulutsemo jekete la mwana ndi mankhwala. Mtsikana wogulitsa matikiti sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake. Anati tepi amata kale, sangamatule. Anati m'basimo mumatentha, tichita kutuluka thukuta.

Basi inafika kuchokera ku Mangochi ngolo yake ya kumbuyo itadzaza kale. Matumba a mpunga, usipa, nandolo, zonse zotumiza kwa abale a ku Joni, eni ake atatsala kumudzi. Ndinafunsa kondakitala ngati chikwama chathu chalowa.

"Madala, kakhaleni pampando. Katundu ndi ntchito yathu."

Ndinakhala. Ndi ntchito yawodi.

Ku Tete kunali bwino. Titadutsa ku Harare, chisanu chinayamba. Kutentha kwa m'basi kuja? Kunalibe. Kunali zenera losatsekeka lomwe analiphimba ndi katoni. Tadala anayamba kutsokomola.

M'bandakucha tinafika pa chipata cha Beitbridge. Kumeneko katundu yense amatsitsidwa, aliyense n'kuima pambali pa chake. Anthu anaima. Ife tinalibe poima. Ndinazungulira ngolo ija mpaka inatsala yopanda kanthu.

Kondakitala anakanda m'mutu. "Aaa, chija chatsala ku Balaka. Malo anachepa. Chibwera ndi basi ya Lachitatu."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze tisananyamuke.

"Ndikanakuuzani mukanakwera?"

Mwamva? Ankadziwa. Anatiyang'ana tikukwera ndi mwana wovala diresi ndi kajuzi kopyapyala, akudziwa kuti majekete ali kuseri kwa chitseko cha ofesi yawo. Usipa unapeza malo. Kodi usipa umamva chisanu? Kodi mpunga uli ndi chifuwa?

Mayi ake anamukulunga zitenje ziwiri. Mayi wina wa ku Ntaja, yemwe sitimamudziwa, anavula bulangete lake n'kumufunditsa. Mulungu awadalitse mayi amenewo. Mankhwala akale aja anathera pamzere pomwepo.

Pofika ku Joni mwana anali akupuma ngati wina wamukhalira pachifuwa. Alamu atangomuona sanatipatse n'komwe moni. Anati, "Lowani m'galimoto." Malo oyamba omwe tinaona ku Joni ndi chipatala. Anamugoneka masiku atatu, chipangizo chopumira chili kumphuno. Adokotala anandifunsa kuti bambo wotani amabwera ndi mwana wa mphumu m'nyengo yachisanu atamuveka chitenje.

Basi ya Lachitatu itafika, ine ndi alamu tinapita kukatenga chikwama. Mnyamata wa ku ofesi yawo ya kumeneko anatiponyera chamizeremizere, chomata tepi. Ndisanachigwire, fungo linandiuza kale. Usipa ndi therere louma. Dzina la munthu wina.

Mnyamatayo anaseka. Anati zikwamazi zimafanana. Anati ndingotenga, usipa nawo ndi ndalama. Ndiye kuti ndibe ndiwo za mwini wake, ndimuveke mwana wanga usipa? Ndinachisiya pomwepo.

Alamu anatigulira zovala ndi ndalama zomwe anasungira mafuta a ulendo wa kumapiri. Ngakhale zikanakhalapo, adokotala anali ataletsa kale kuti mwanayu asapitenso kozizira. Tchuthi chathu chinathera m'nyumba. Mzinda tinauonera pa zenera la galimoto. Tsiku limodzi lokha masana, dzuwa litatuluka, tinakaona nyama kumalo osungira nyama, ndipo tinabwerako msanga.

Tsiku lonyamuka Tadala anafunsa, "Ababa, kumapiri kuja tipita liti?"

Ndinati chaka china. Sanalire. Anangoti, "Chabwino." Bola akanalira.

Tinabwerera pa basi ya kampani ina. Lachiwiri ndinapita ku ofesi ya ku Balaka. Chikwama chathu chinali kuseri kwa chitseko, tepi yake ili chimatire. Sichinasunthepo. Mnyamata wina woitanira anali atachikhalira akudya chinangwa.

Mtsikana uja anati, "Nanga si mwachipeza, bambo? Palibe chasowa. Vuto n'chiyani?"

Ndinamuuza kuti mwana wanga anagona m'chipatala. Anati matenda amabwera okha. Ndinapempha kuonana ndi bwana wake. Anati ali ku Blantyre. Nambala yawo? Saloledwa kupereka. Mawu oti pepani sindinawamve pakamwa pa aliyense.

Ndiye ndikufunsa inu eni kampani. Ndani anakuuzani kuti katundu wopanda mwini azitsogola, wa munthu amene ali m'basi azitsala? Ngati malo achepa, n'chifukwa chiyani simunena munthu asanakwere, asankhe yekha? Mwana uja akanatsirizikira pamsewu, mukanati chiyani? Kuti maliro abwera ndi basi ya Lachitatu? Ndikufuna yankho, ndipo mukayankhe kwa mwanayo.

Inu opita ku Joni nyengo ino, jekete la mwana ndi mankhwala zikhale pamiyendo panu. Musakwere musanaone ndi maso anu chikwama chikulowa m'ngolo.

Nditachoka ku ofesi kuja, m'mawa mwake, Lachitatu, ndinapalasa njinga kubwerera pa depoti. Ndinauza aliyense wokwera zomwe zinatichitikira. Mayi wina wa khanda anati zofunda za mwana zili m'chikwama chomata. Ndinamubwereka mpeni. Anadula tepi pamaso pa mtsikana uja.

Kondakitala yemwe uja anandizindikira. "Madala, mukutichedwetsa."

Ndinati, "Muchedwe."

Anthu anakana kukwera. Atasuzumira kuseri kwa chitseko anapezako zikwama za anthu awiri okhala ndi matikiti m'manja. Panabuka phokoso mpaka anatsitsa matumba a mpunga n'kulowetsa zikwamazo. Basi inanyamuka dzuwa litakwera, khanda lija lili m'bulangete lake. Ine ndinatenga njinga yanga kubwerera ku Nkaya.