Belu la Ababa

Lamlungu, 14 Disembala 1986. Ndangomaliza kupukuta njinga ya Ababa, manja akununkhabe oyilo.

Mu Januwale ndinavomera kupita ku Bulawayo. Azakhali ankafuna wowalerera mwana, iwo azindilipirira sukulu. Ababa anandikweza pakaliyala mpaka pokwerera basi. Basi itanyamuka analiza belu kawiri, monga ankachitira madzulo akamakhotera kudera lathu la Unit K kuti tidziwe kuti afika.

Ku Bulawayo misewu ndi yotakata, ndipo m'mbali mwa ina muli kanjira ka phula ka njinga zokhazokha. Madzulo ndinkaima pampanda, mwana kumsana, kuonerera azibambo akuweruka, akupalasa mosatekeseka, akucheza. Belu likalira kawiri ndinkacheuka. Chindebele sindinkachimva, mnzanga ndinalibe. Tindalama timene Azakhali ankandipatsa ndinkatumiza kwa Amayi, n'kulemba kuti ndili bwino. Za belu sindinkalemba.

Dzana nditatsika basi kuno kwathu ndinasokonezeka. Msewu waukulu aukuza, phula lafika m'mphepete mwa ngalande. Kanjira kafumbi kamene njinga zinkadutsa kulibenso. Madzulo ndinatchera khutu. Ababa analowa wapansi, mwakachetechete.

Njinga ndinaipeza kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa. Mlongo wanga Yohane ndinamufunsa m'Chichewa, iye n'kuyankha m'Chishona monga mwa masiku onse: "Baba havachachovha." Sapalasanso.

"Basi inandikhudza chigongono, ndinakadzukira m'ngalande," anatero Ababa. "Msewu uno tsopano ndi wa eni mawilo anayi, mwanawe. Njingayi anzanga a Che Yusufu aigula mwezi ukatha, akaitumiza kumudzi."

Ankayankhula akuseka, koma maso anali panjingapo.

Ndinkaganiza kuti kwathu kukundidikira momwe ndinakusiyira. Nyumba ilipo, mtengo wa mango ulipo, koma madzulo athu apita.

Amayi akuti mawa kuli msonkhano pasukulu, akuluakulu a misewu akufuna kukuzanso msewu wopita ku Unit G. Ndawauza kuti ndikanena za kanjira ka ku Bulawayo.

"Iwe Rute?" anaseka Amayi. "Mlendo akakupatsa moni umayankha ukuyang'ana pansi!"

Ababa sanaseke. "Kanjirako n'kotakata bwanji?" anandifunsa. Ndinatambasula manja kuwaonetsa, ndipo anayang'ana nthawi yaitali.

Ndamasula belu, lili m'thumba la yunifolomu. Mawa ndikakhala kutsogolo ndipo ndikakweza dzanja. Mawu akakandithawa, ndikaliza kawiri.