Nkhosa za Bambo Aakulu

Kathabwa kaja ndimakakumbukirabe. Kanali kotalika ngati mkono wanga wa nthawi imeneyo, kopalidwa bwino, kopakidwa penti yoyera, koma kopanda chilembo ngakhale chimodzi. Kanakhala kokhomedwa pa mpanda wa khola milungu isanu yathunthu, ndipo kankandisowetsa mtendere chifukwa wolemba pa timatabwa totere ndinali ine.

Bambo aakulu, akulu awo a bambo anga, anali ndi sitolo ndi lole kwathu ku Iponga. Ankanyamula mpunga kupita nawo ku Karonga Boma, kenako n'kuwoloka Songwe kukatenga katundu ku Kyela ndi ku Mbeya. Ng'ombe anali nazo ngati mwamuna wina aliyense wodzilemekeza, koma mtima wawo unali pa zinyama zimene anzawo analibe. Kuseri kwa nyumba yawo, m'kati mwa nthochi, anamanga makola aang'onoang'ono. Munali nkhukundembo, pikoko wamwamuna wolira ngati mwana wopsa ndi moto, nungu, gwape wopunduka mwendo, akamba awiri, ndi bulu amene sanagwirepo ntchito chibadwire. Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi ankadutsira komweko. Sankalipiritsa munthu. Malipiro awo anali kuona anthu akudabwa.

Khola lililonse linali ndi kathabwa ka dzina. Ine ndinali mu Sitandade 4, ndipo aphunzitsi anali atauza bambo aakulu kuti m'kalasi monse palibe wolemba mowongoka kuposa ine. Basi ntchito inakhala yanga, pamodzi ndi kachitini ka penti yakuda ndi nthenga ya nkhuku. Ndinkadzimva. Mtsikana wa zaka khumi wopatsidwa udindo wotchula zinyama mayina samvanso za munthu.

Nkhosazo zinafika mu Seputembala, zitatu, zitagona pamwamba pa matumba a mbatatesi. Nkhosa tinkazidziwa. Zathu zinali zofiirira kapena zakuda, za ubweya waufupi ngati wa mbuzi, za mchira wonenepa wolendewera. Koma izi zinali zina. Nkhope zoyera, mphuno zakuda, nyanga palibe, mchira wodulidwa, ndipo thupi lonse linakutidwa ndi ubweya wopotanapotana mpaka pamphumi, ngati wina wang'amba matiresi n'kuziveka. Ndinalowetsa dzanja pamsana pa imodzi, dzanja lonse linamira mpaka pamfundo. Potulutsa, zala zinali noninoni ndi mafuta, zikununkha fungo limene ndinali ndisanalimvepo, losakhala la mbuzi, losakhalanso la ng'ombe.

Bambo aakulu anazipeza pa msika wina kufupi ndi Mbeya, kwa munthu amene nayenso anangoti ndi kondoo, ndiye kuti nkhosa m'Chiswahili. Zimenezo sizinawakwanire.

"Usalembe kuti nkhosa basi," anandiuza. "Nkhosa aliyense ali nazo. Ndikufuna dzina la mtundu wake lenileni."

Oyamba kuyesa anali aphunzitsi athu, bambo a ku Dedza amene chaka chachitatu chinali chitawakwanira ku Iponga koma thukuta lisanawazolowere. Anabwera ndi buku la zaulimi lopanda chikuto. Anaima pa mpanda, kuyang'ana m'buku, kuyang'ana nkhosa, kuyang'ananso m'buku, n'kunena kuti ndi Merino. Ndinali nditaviika kale nthenga mu penti pamene bambo aakulu anasuzumira pa chithunzicho.

"Aphunzitsi, yanuyi ili ndi nyanga zopindika, khosi lake ndi la makwinya. Yangayi mukuiona choncho?"

Aphunzitsi anavomera kuti ayi. Ndimawalemekeza mpaka lero chifukwa cha ayi ameneyo. Ndakumana ndi anthu ambiri ophunzira amene akanaumirira.

Kenako kunabwera alangizi a ziweto pa njinga yamoto. Anazitsegula pakamwa, anazigwira m'miyendo, n'kunena mosabisa kuti mtundu umenewu sanauonepo. Anati chimene akudziwa n'chakuti ubweya wotere sungagwirizane ndi dzuwa la ku Karonga, uyenera kuchepetsedwa. Bambo aakulu anaseka.

"Ndimete chimene anthu akubwera kudzaona?"

Masiku onsewo amayi anga sanayandikire kholalo. Tsiku limene nkhosa zinafika anabwera ndi ndowa ya madzi pamutu, kudzathandiza amayi aakulu. Ataziona anaima njii. Anatula ndowa pansi, madzi n'kutayikira pa chitenje, osasamala. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera kunyumba kudzera njira ya kudimba, ndowa n'kuisiya pomwepo. Ine ndinkati achita mantha, ndipo ndinawaseka pamaso pa azing'ono anga. Zimandiwawa ndikakumbuka.

Okutobala anafika ndi ukali wake. Amene sanakhaleko ku Iponga mwezi umenewo sangamvetse. Mchenga unkawotcha kudutsa patapata, masamba a nthochi ankalefuka ngati nsanza, ngakhale pikoko anasiya phokoso. Nkhosa zija zinasiya kudya. Zinkangoima pakona, mitu pansi, nthiti zikupita uku ndi uku, malilime panja ngati agalu. Ntchentche zobiriwira zinkazungulira kumbuyo kwawo. Anyamata ankazithira madzi poganiza kuti akuzithandiza, koma ubweya unkangomwa madziwo n'kuyamba kununkha chivundi.

Lachinayi lina pochokera kusukulu ndinapeza imodzi itafa. Poikoka, ubweya wa kumchira unasupuka, ndipo pansi pake panali mphutsi zoyera zikunyang'ama. Ndinathamangira kwathu ndikulira. Amayi anali pa mkeka akupeta mpunga. Anaika lichero pansi n'kuyamba kundifunsa mafunso amene sindinkayembekeza. Kodi zotsalazo kumbuyo kwanyowa? Zikudziluma m'mbali? Zikupondaponda pansi ndi miyendo yakumbuyo? Ndinavomera zonse. Sindinadzifunse n'komwe kuti munthu woopa nkhosa akudziwa bwanji zofunsa.

Madzulo a tsikulo ndinamva bambo akuyankhula nawo kuseri kwa nkhokwe, motsitsa mawu.

"Zisiyeni, si zanu. Mukatsegula pakamwa, akufunsani."

"Andifunse," anatero amayi. "Ndione zikuwola zamoyo?"

M'mawa mwake anatenga sizasi yawo yodulira nsalu, anainola pa mwala, n'kundiuza kuti ndinyamule mchere ndi beseni. Anakagwada patali pang'ono ndi bambo aakulu, monga mwa ulemu wa kwa alamu, koma mawu awo sanali a munthu wogwada. Anati nkhosa ziwirizo zikapanda kumetedwa lero, Lamulungu sizifikako. Bambo aakulu anayang'ana pamene panakokedwa yakufa ija, mzere wake ukuonekabe mumchenga, ndipo sanaseke ngati mmene anasekera alangizi. Anangotsegula chitseko cha khola.

Zimene ndinaona m'menemo sindidzaiwala. Amayi anga, amene ndinkawadziwa ndi lichero ndi khasu, anagwira nkhosa kuchibwano, anaipotoza khosi pang'ono, mwadzidzidzi inali itakhala pansi ngati munthu, msana utatsamira pa mawondo awo. Sinaphiriphithe. Anayambira pamimba, sizasi ikulira tcheke tcheke, dzanja lamanzere likukoka chikopa kuti chisadulidwe. Ubweya sunkagwa tizidutswa ngati tsitsi kwa ometa. Unkasendeka wonse pamodzi, kunja kwakuda ndi fumbi, m'kati moyera ngati chambiko. Ankainyengerera kuti idekhe, akuiyankhula m'Chiswahili, chinenero chimene ndinali ndisanamvepo m'kamwa mwawo kupatula pogula zinthu pa Songwe.

"Tulia, mama, tulia."

Anatsuka zilonda ndi madzi a mchere, kuchotsa mphutsi imodzi imodzi ndi kamtengo. Itaimirira, nkhosayo inali yaing'ono, yowonda, yochititsa manyazi. Inadzigwedeza, inayenda pang'ono, n'kupita kukamwa madzi. Pofika pa yachiwiri, manja a amayi anali atatuluka matuza, ndipo anthu anali atadzaza pa mpanda. Aphunzitsi nawo analipo, wina atakawaitana.

Atamaliza, amayi anapukuta sizasi pa chitenje n'kunena osayang'ana munthu:

"Izi n'za ku Kitulo, kumapiri a ku Tanzania, kumene m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Pa famu ankazitchula kuti Koridelo. Amazimeta chaka ndi chaka."

Aphunzitsi anatsegula buku lawo kumapeto, kumene kunali mndandanda wa mayina opanda zithunzi. Chala chawo chinatsika, chinatsika, n'kuima. Anawerenga mokweza, Corriedale, kenako anavula chipewa n'kuweramira amayi pang'ono. Ine mtima unali pa zilembo, kuti kodi zikwana pa kathabwa.

"Alamu," anatero bambo aakulu, "inu mwazidziwira kuti zimenezi?"

"Ndinakhalako zaka zinayi."

"Zaka zinayi? Ndi ndani?"

Amayi anayang'ana kwa ine. Bambo aakulu nawo anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Iwe, thamanga ukatenge penti." Ndinathamanga mokondwa. Pobwera, anthu anali atabalalika mwakachetechete, ndipo amayi aakulu anali ataima pakhomo, manja atapinda pachifuwa. Ndinalemba dzinalo aphunzitsi akunditchulira chilembo chimodzi chimodzi. Linakwana, ngakhale e womaliza anapanikizika.

Chimene chinanenedwa ine nditachoka ndinachimva patapita zaka khumi ndi zisanu, kwa amayi eni ake, atabwera ku Lilongwe kudzandithandiza mwana wanga woyamba. Anabadwira tsidya la Songwe, kufupi ndi Kyela. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anakwatiwa ndi mwamuna wogwira ntchito pa famu ya nkhosa ku mapiri kuja, ndipo anabereka mwana wamwamuna. Mwamunayo atamwalira, abale ake anati ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, mwana ndi wawo. Amayi anakana kulowedwa chokolo, choncho anatsika phiri okha, mwana wa zaka zitatu akulira m'manja mwa azakhali ake. Bambo anga ankadziwa zonse. Koma powakwatira anawapempha kuti asauze abale, poopa kuti anganene kuti watenga mkazi wa mwini. Amayi anasunga pempholo zaka khumi ndi chimodzi. Sindiwaweruza bambo, anali munthu wofatsa amene ankaopa akulu ake kuposa china chilichonse. Komabe ndimaganiza za kulemera kwa chimene anawasenzetsa.

Ndili mwana ndinangoona zotsatira zake. Amayi aakulu anasiya kubwera kwathu mpaka mvula itagwa. Azimayi ena pa mjigo ankadula nkhani amayi akafika. Bambo anakhala milungu iwiri osaponda kwa akulu awo. Koma bambo aakulu anachita chimene palibe ankayembekeza. Anabwera okha kwathu, anakhala pa mpando, n'kufunsa amayi chimene angafune pa ntchito imene anagwira. Amayi anati akufuna ubweya basi.

Anauchapa ndi sopo katatu, anauyanika pa mkeka, anausasantha ndi zala. Kenako anapota ulusi ndi kamtengo kobaya pa chidutswa cha phale, akukapukusa pa ntchafu n'kukasiya kazizungulira m'malere. Singano zolukira anapanga ndi masipoko a njinga. Masana onse a Novembala ankakhala pansi pa mtengo wa mango, thukuta likutsika m'khosi, akuluka juzi. Anthu odutsa ankaseka. Juzi ku Iponga, mwezi umene ngakhale malaya amalemera! Nkhosa ziwiri zija zinachira, zinayambanso kudya, ndipo zinakhala zaka zingapo, amayi akuzimeta dzuwa lisanakwiye.

Mchimwene wanga, mwana amene amayi anasiya kumapiri uja, ndinakumana naye kamodzi kokha, ku Mbeya, amayi atamwalira kale. Ndi bambo wamtali, wa mphumi ngati wanga. Tinayankhula movutikira, iye Chiswahili, ine Chinkhonde chosakaniza. Anandiuza kuti juziyo inafika, bambo aakulu anakwera nayo okha mpaka kumudzi kwawo atafunsa njira masiku awiri. Koma inali yaing'ono. Mikono inkalekezera m'zigongono. Anati anaivalabe nyengo ziwiri za chisanu, anzake akumuseka.

Amayi analibe pomuyezera. Ankayezera pa ine. Ankandiitana kuchokera kumasewera, kundiimika chilili, kuika cholukacho pamsana panga, kenako n'kuwonjezera zikhatho ziwiri m'litali ndi chimodzi m'mapewa. Ine ndinkati akundisiyira pokulira. Ndinali nditauza kale anzanga onse kuti ndidzavala juzi ya Koridelo pa Khirisimasi, kutenthe kusatenthe.

Tsiku limene lole inkanyamuka, amayi anaikulunga m'pepala la khaki, anaimanga ndi luzi, n'kuipereka kwa bambo aakulu ndi manja awiri. Ndinalira mpaka kudzigwetsa mumchenga. Ndinawanena kuti ndi oipa, agulitsa juzi yanga kwa anthu a ku Tanzania. Ndinkadikira kuti andikalipire, kapena athyole kamtengo monga ankachitira ndikachita mwano. Sanatero. Anandidzutsa, anandisasa mchenga m'mawondo, n'kundikumbatira mwamphamvu mpaka nthiti kuwawa, maso awo ali ku msewu kumene fumbi la lole linkathera. Ndinkadabwa kuti wolandidwa juzi ndine, nanga iwo akunjenjemera chifukwa chiyani.